Wodwala Wobwereka

Mtsikana amene kunyumba ankangomutchula kuti Dokotala, chiyambire tsiku limene anagula chovala choyera cha kusukulu ya udokotala, anali atagwa mayeso oyeza odwala matenda a maganizo, ndipo Lolemba linali tsiku lobwereza komaliza: akagwanso, chaka chonse chiyambirenso. Ndiye Loweruka masana, atakankhira galu mpunga wake pansi pa tebulo monga ankachitira masiku amenewo, anapita kukashopu ka kuseri kwa nyumba kumene alamu ake ankakonzera masikelo, kukafuna munthu woti ayeserepo.

Koma abale, pa anthu onse a padziko, kukasankha amenewa! Amuna a achemwali akewa anali munthu woti ukawafunsa kuti adzuka bwanji, amayamba adzifufuza kaye thupi lonse asanayankhe. Pakhomo pa kashopuko panali sikelo yaikulu yoyezera matumba imene mwini wake sanabwerenso kudzaitenga, ndipo aliyense wolowa ankaiponda. Dokotala anaiponda. Alamu anayang'ana muvi wa sikeloyo monga mwa chizolowezi.

"Alamu, siyani kaye zitsulozo. Mukhale wodwala."

"Ndili bwino ine."

"Ndikudziwa. Mungoyerekeza. Ku mayeso amatibweretsera munthu wabwinobwino amene amuuza kuti achite ngati akudwala. Ine ndimufunse mafunso, aphunzitsi ali pambali, kenako nditchule matenda ake."

"Ndiye munthuyo ali bwino. Aphunzitsi akudziwa kuti ali bwino. Inunso mukudziwa kuti ali bwino."

"Eya."

"Nanga munagwa bwanji?"

"Zimenezo zisiyeni! Khalani apo."

Anawakhazika pa mpando wakale wa galimoto umene makasitomala ankadikirirapo, iye n'kukhala pa chitini cha penti. Anakonza mawu ake kuti amveke achipatala.

"Takulandirani, bambo. Ine ndine wophunzira udokotala. Dzina lanu ndani?"

"Iii, alamu! Pa ukwati wanga amene anavina mpaka kuthyola chidendene cha nsapato si inu?"

"Panopa sindikukudziwani."

"Kuiwala anthu chonchi si matenda amenewo?"

"Ndi matenda, koma si a lero. Chakubweretsani n'chiyani?"

"Palibe. Mwandipeza momuno."

Dokotala anapuma mozama monga buku limanenera, koma sizinathandize.

"Tamverani bwino. Matenda amene amakonda kufunsa ndi owerengeka. Pali dipuleshoni: munthu mtima uli pansi masabata ndi masabata, zimene ankakonda sizikumukomeranso, tulo ndi chakudya zasokonekera. Pali nkhawa yosatha: mtima kugunda, kuopa zinthu zimene sizinachitike n'komwe. Pali bayipola: nthawi ina munthu ali pansi, nthawi ina wakwera, sagona koma satopa, amalankhula ngati wailesi, akuti mawa atsegula mafakitale. Ndiye pali ena amene amamva mawu popanda wolankhula, kapena kukhulupirira kuti anthu akuwalondalonda. Sankhanipo chimodzi mumtima. Musandiuze."

Alamu anatsinzina nthawi yaitali.

"Ndasankha wa mafakitale uja."

"Ndati musandiuze!"

"Nanga mukanadziwa bwanji kuti ndamaliza kusankha? Chabwino, iwalani. Paja kuiwala mumatha."

"Basi, tipitirize choncho. Bambo, mukumva bwanji masiku ano?"

Alamu anayang'ana kudenga. Ntchentche inalowa, inazungulira shopu yonse, n'kutuluka.

"Ndili... ndi mphamvu... zambiri."

"Mwachangu! Munthu ameneyu mawu ake amathamangitsana."

"Ndikuganiza kaye."

"Saganiza kaye! Vuto lake ndi lomwelo!"

"Fakitaleyo ndi ya chiyani?"

"Ya chilichonse!"

"Aa, sizitheka. Malo ake ali kuti? Magetsi anafikako? Munthu sangangodzuka m'mawa n'kuyamba..."

"Amangodzuka! Matenda ake ndi amenewo!"

"Ndiye mumuuze asatero."

"Alamu! Chabwino. Usiku mumagona?"

"Ngati mwala. Funsani achemwali anu."

"Nenani kuti simugona!"

"Koma ndimagona."

Dokotala anagwira mutu ndi manja onse. Misozi inali pafupi, ndipo masiku amenewo inkangokhala pafupi. Mantha a Lolemba anamugwira, monga anachitira tsiku lija anauma pakamwa pamaso pa aphunzitsi, mafunso onse atathawa m'mutu.

"Ndigwanso," anatero. "Ndikudziwa ndigwanso."

Alamu anapukuta manja pa ovololo. Anamumvera chisoni, koma kunama sakanatha ngakhale pa chisoni.

"Kupeka sinditha, Dokotala. Koma kutengera ndimatha. Pali munthu wina ndimamudziwa, ndamuona masiku ambiri. Ndikhoza kumayankha zimene ndaona kwa iye."

"Akudwala chiyani?"

"Si ndinu mutchule?"

Nkhope ya Dokotala inawala pang'ono.

"Koma pamenepo ndiye mwaganiza! Kungoti musatchule dzina lake. Chinsinsi cha wodwala sichiululidwa."

"Ngakhale kwa inu?"

"Ngakhale kwa ine."

"Ngakhale mutandikakamiza?"

"Ngakhale nditagubuduka pansi."

Lamulo limeneli analiika yekha ndi pakamwa pake, tisaiwale. Ndipo munthu wokonza masikelo ukamupatsa lamulo, ndiye kuti walikhoma ndi msomali.

Alamu anasinthiratu. Anagwetsa mapewa, anayamba kugwedeza mwendo, chala chachikulu chili pakamwa akuluma chikhadabo. Dokotala anachita chidwi kuti munthu wouma ngati ameneyu angathe sewero chonchi. Sanamve kuti chitini chimene anakhalira chinkalira ngwengwengwe ndi mwendo wake womwe.

"Takulandirani. Chakubweretsani n'chiyani?"

"Palibe. Ndili bwino. Ndangotopa. Ndisiyeni."

"Alamu, tayambiranso?"

"Ayi. Ndi mmene amayankhira."

"Oho! Zabwino kwambiri. Ambiri amatero. Pitirizani, ndikumva. Kutopako kunayamba liti?"

"Miyezi yapitapo."

"Tulo?"

"Ndimagona anthu onse atagona, ndimadzuka kusanache. Ndimayendayenda. Ndimatsegula firiji, kuyang'anamo, kutseka, osatengamo kanthu."

"Nthawi imeneyo mumakhala mukuganiza chiyani?"

"Sindikudziwa. M'mutu mwake sindinalowemo. Ine ndimangomva masilipasi."

"Musatuluke m'sewero!"

"Pepani." Anagwetsanso mapewa.

"Chakudya mumadya?"

"Ndimati ndadya kale."

"Mumakhala mutadyadi?"

"Ayi. M'mbale chimachoka, koma mwa ine sichilowa."

"Nanga chimapita kuti?"

"Chinsinsi cha wodwala."

Pakhomo, galu anayasamula, n'kugona chammbali chifukwa mimba inali isakumulolanso kugona chafufumimba.

"Mwaonda?"

"Zimenezo ndiye ndikudziwa bwino," anatero alamu ndi mawu awo enieni. "Waonda ndithu. Muvi sunama."

"Sewero!"

"Ndaonda."

"Pali zimene munkakonda kale zimene pano sizikukukomerani?"

"Kale ndinkaimba kubafa mpaka aneba kugogoda khoma. Pano kumangomveka madzi. Anzanga akaimba foni ndimaitembenuza, ilire mpaka itope."

"Ntchito ikuyenda?"

"Ndimakhala patebulo tsiku lonse. Pepala lomwelo. Tiyi amazizira, pepala silitembenuka."

"Ndi wa mu ofesi ameneyu," anatero Dokotala, akugwedeza mutu ngati pulofesa. Tsopano mafunso ankabwera okha, limodzi likukoka linzake, ndipo anayamba kumva kukoma kumene anali atakuiwala. "Inalipo nthawi imene munali osangalala mopitirira muyeso, osagona koma osatopa?"

"Wa mafakitale uja? Ayi. Ameneyu ngakhale kagolosale sanakatchulepo."

"Mumamva mawu popanda wolankhula?"

"Sindinamuonepo akuyankha khoma. Amalankhula ndi galu, koma galuyo alipo, inenso ndimamuona."

"Mowa? Chamba?"

"Khofi yekha, koma ngati madzi."

"Mtima kugunda, thukuta, kubanika?"

"Kugundako sindinakumve. Koma amagwira pachifuwa apa, n'kumapuma ngati wathamangira basi, chikhalirecho."

"Galuyo mumamuuza chiyani?"

Alamu anazengereza. Mwendo unasiya kugwedera.

"Ndimamuuza kuti ndine mtolo kwa anthu. Kuti abale anga akungotaya nthawi ndi ine. Kuti tsiku lina ndidzawachititsa manyazi."

Chisoni chinamugwira Dokotala, chisoni cha munthu wosamudziwa. Anatsitsa mawu, chifukwa funso lotsatira ndi lija aphunzitsi amati ukalidumpha wagwa, ngakhale zina zonse utakhoza.

"Ndikufunsani funso limene timafunsa aliyense wovutika chonchi. Munayamba mwaganizapo kuti bola kufa, kapena zodzivulaza?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa bwanji? Wodwala ndinu!"

"Ine ndangobwereka. Zimenezo sindinaone, ndipo sindinamufunse." Anayang'ana pansi. "Ndimaopa kufunsa. Ndimati mwina ndimupatsa maganizo amene analibe."

"Ayi, alamu, ayi! Kufunsa sikupatsa munthu maganizo. Amafunsidwa maso ndi maso, mosazungulira, modekha. Ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa."

"Ngakhale wofunsayo atakhala wosaphunzira?"

"Bola akhale ndi makutu."

"Chabwino. Ndiye matenda ake?"

Dokotala anadzuka, anakonza kolala ya chovala choyera chimene sanavale, n'kutembenukira sikelo ya nyama imene inali patebulo ngati kuti ndi aphunzitsi.

"Wodwala wanga ali ndi dipuleshoni, ndi nkhawa pamwamba pake. Zizindikiro zapitirira masabata awiri, ndipo zikusokoneza ntchito. Si bayipola, chifukwa sanakwerepo. Samva mawu, samwa. Ndimuyeza magazi ndi chithokomiro kuti nditsimikize kuti vuto silikuchokera m'thupi, ndipo funso la ngozi lija lifunsidwe lero." Anatembenuka, akumwetulira koyamba m'masabata ambiri. "Alamu, sindinaume pakamwa! Ndakhoza?"

"Ine ndingadziwe bwanji? Koma zamveka zolemera bwino."

Kenako kumwetulira kuja kunazima.

"Dikirani. Munthu ameneyu alipodi?"

"Si ndati kupeka sinditha?"

"Wapita kuchipatala?"

"Akuti sakudwala."

"Onse amatero! Abale ake alipo?"

"Alipo."

"Akuchita chiyani? Akungomuyang'ana?"

"Mkulu wake anayesa kumuuza. Anamuyankha mawu oti mkuluyo anakalira kukhitchini."

"Wamwano ameneyo!"

"Ayi, kale sanali choncho."

"Ndi matendawo. Amafupikitsa mtima. Koma mumuuze kuti izi zimachira, alamu. Si ulesi, si kufooka, si misala. Pali uphungu, pali mankhwala, anthu amabwerera mwakale n'kumaimbanso kubafa."

"Akuti alibe nthawi. Akuti pali ntchito yaikulu imene ayenera kumaliza kaye."

"Ntchito yanji yoposa moyo? Mutu wodwala chonchi sugwira kanthu. Akhoza kukhala patebulopo mpaka mpando kuboola, tsiku lofunikalo adzangoti kakasi. Athandizidwe kaye, ntchitoyo iyenda yokha."

"Akuti anzake akamva amuseka."

"Aseke! Akamuika m'manda ndi anzakewo?"

"Akutinso matenda amenewa amawadziwa bwino kuposa ife tonse."

"Haa! Amenewo ndiye ovuta kwambiri. Wamakani, wodziwa zonse! Ndikanakhala naye pafupi ndikanamugwira dzanja n'kumukokera kwa dokotala."

"Zikuloledwa?"

"Kukoka ayi. Kuperekeza. Mumukhazike pansi, mumumvere, kenako mumuperekeze. Ndani ameneyu?"

"Chinsinsi."

"Alamu, sewero latha."

"Munati ngakhale mutandikakamiza."

"Ndinkanena za mayeso!"

"Munati ngakhale mutagubuduka pansi. Simunagubuduke n'komwe."

Dokotala anawayang'anitsitsa. Masilipasi. Firiji. Bafa. Munthu ungamve bwanji masilipasi a munthu wa mu ofesi kusanache?

"Amakhala m'nyumba muno!"

"Sindinatchule dzina."

"Ndinu! Mayo ine, ndinu! Mwabisala kumbuyo kwa sewero. Amuna mumatero, mumafera mkati. Alamu, bwanji osanena?"

Anawagwira dzanja, akufufuza kugunda kwa mtima, misozi ili mbwee.

"Ine masana ano ndadya mbale ziwiri, Dokotala. Munalipo."

"Kubisa kumeneko!"

"Mbale ziwiri ndingazibise kuti?"

"Nanga kuimba kubafa?"

"Ine sindinaimbepo chibadwire. Kutchalitchi anandipempha kuti ndizingoomba m'manja."

Dokotala anasiya dzanjalo. Kenako anagwira pakamwa.

"Achemwali! Ndi achemwali anga! Inu mwawatani? N'chifukwa chake tsiku lija ndinawapeza akulira kukhitchini!"

"Analiradi."

"Ndiye inu mungokhala pano n'kumamanga masikelo, mkazi wanu akutha?"

"Mkazi wanga sakutha. Muvi ukuti akuonjezekera, koma zimenezo musakawauze. Ndipo usiku amaliza mkonono woti malata amayankha."

"Nanga ankalira chiyani?"

"Si ndanena? Anayankhidwa mawu."

"Ndi ndani?"

"Chinsinsi."

"Alamu, mundipengetsa!"

"Zimenezo mwati sitinena. Mwati si misala."

Dokotala anaponda pansi ndi mkwiyo, n'kupezeka waponda pa sikelo yaikulu ija. Muvi unagwedera, n'kuima. Alamu anauyang'ana, ndipo ulendo uno sanachotsepo maso msanga. Dokotala anatsatira maso awo. Nambala imene anaona inali ya mtsikana wa kusekondale.

"Sikelo yanuyi ndi yakufa."

"Ndinaikonza ndekha."

Analoza ndi chala, mmodzimmodzi, monga amachitira poonetsa kasitomala pamene pathyoka.

"Dzina sinditchula. Koma m'nyumba muno tilimo anthu atatu ndi galu. Ine mwandiyeza, ayi. Achemwali anu, ayi. Galu ndinamukweza pamenepo dzana. Zimene munthu wina wataya, iye watola."

Galu anagwedeza mchira, poti anamva kuti akutchulidwa. Dokotala anafuna kuseka, anafuna kukalipa, anafunanso kuthawa, koma anangoima pa sikelopo. Manyazi anamugwira, ndipo pansi pa manyaziwo panali kutopa kwakukulu kumene anakhala akukunyamula yekha miyezi yonseyi.

"Ine ndili ndi mayeso Lolemba," anatero ndi mawu aang'ono.

"Ntchito yaikulu ija."

"Izi ndimazidziwa ine, alamu. Ndikanakhala kuti ndikudwala ndikanadziwa."

"Mwati amenewo ndiye ovuta kwambiri."

Alamu anadzuka pa mpando wa galimoto uja, anaupukuta bwinobwino ndi kansanza, n'kumulozera. Iwo anakakhala pa chitini cha penti, mawondo ali m'mwamba, manja akuda ndi girizi atawaika pamodzi. Ankaopa, ndipo zinkaoneka, koma lamulo anali atapatsidwa: kukhazika pansi, kumvera, kufunsa funso lija maso ndi maso, kenako kuperekeza. Dokotala anakhala.

"Takulandirani, mayi. Ine ndine wokonza masikelo. Chakubweretsani n'chiyani?"

"Palibe. Ndili bwino. Ndangoto..."

Mawuwo anamuthera pakamwa. Anali atawamvapo kale, masana omwewo, kuchokera pa mpando womwewo.

"Zabwino kwambiri," anatero alamu. "Ambiri amatero. Pitirizani, ndikumva."